Kusudzula a Lameki

Francistown, Botswana
11 Malichi 2007

Mlongo wanga Felista,

Moni ndipereka kumapeto. Pali zinthu zinayi zoti zikonzeke tisanakambe china chilichonse, ndipo ndikaziika pansi udzangowerenga moni n'kupinda pepala, monga umachitira.

Choyamba ndi chiliza cha amayi. Dzina lilembedwe lonse, Anasitaziya Nabanda, osati Anasi monga ankawaitanira pachitsime. Mmisiri ayambe walemba papepala, iwe uone, kenako alembe pasimenti. Simenti ikauma sikonzekanso.

Chachiwiri ndi denga la nyumba ya abambo. Malata a kuchipinda anali atachita dzimbiri pamene ndinabwera kumaliro. Musadikire mvula ina.

Chachitatu, abambo akayezetse kuthamanga kwa magazi, ndipo unditumizire manambala onse awiri. Usangondiuza kuti ali bwino.

Chachinayi ndiye chachikulu. Amayi anatisiya mu Febuluwale chaka chatha. Kumeta kunachitika, mowa wa chikumbutso unaphikidwa, koma sindinamve kuti abambo anasudzulidwa. Ndakhala ndikudikira kuti wina atchule, palibe watchula. Sabata yatha, pa nthawi yopuma kuntchito, ndinafufuza pa intaneti ndipo ndinapeza tsamba lofotokoza miyambo ya Achewa mwatsatanetsatane, lolembedwa ndi munthu wa kuyunivesite ina ya kunja. Ndinachita manyazi, Felista. Ine mwana wa Nabanda kuphunzira za kwathu kwa mlendo! Koma nanga ndikanaziphunzira kuti? Ubwana wanga unathera pa esiteti, kenako kusukulu yogonera komweko, kenako kukoleji.

Tsambalo likunena momveka kuti mwamuna akaferedwa, abale a mkazi ayenera kumusudzula chaka chisanathe. Apo ayi amakhala womangika, sangakwatire, sangayende momasuka, ndipo mzimu wa malemu sukhazikika. Ine za mizimu sindilabadira, ntchito yanga ndi yoyeza magazi m'chipatala. Koma mwana wathu Chifundo wakhala akutsokomola chiyambire Khirisimasi, ndamuyeza zonse, palibe chikuoneka. Sindikunena kanthu. Ndangotchulapo.

Uwakumbutse amalume a Goliati, poti ndiwo eni mbumba. Mwina ukalamba wawaiwalitsa.

Za positi tiiwale tsopano. Kalata yako ya Novembala inandipeza mu Januwale. Pa boma atsegula kafe ya intaneti pafupi ndi msika, ya a Nurdin. Pali mtsikana dzina lake Kuluthumu, ndalankhula naye ndipo wakutsegulira adiresi. Zanga azikusindikizira, zako uzimuuza iye n'kumalemba. Mphindi imodzi zafika kuno. Tidzakhala ngati tili khomo limodzi.

Tsopano moni. Ife tilipo, kupatula chifuwa ndanena chija. Alamu ako Agnes akupereka moni. Kaya inu kumeneko? Fodya wachita bwanji chaka chino?

Ine mlongo wako,
Timoteyo


Pa boma, Mchinji
30 Malichi 2007

Achimwene,

Tadzuka bwino, kaya inu ndi alamu ndi mwana? Chifundo mumumwetse madzi a mandimu ndi uchi, musiye kumubaya masingano.

Mphindi imodzi mukunenayo ndi ya kwanu. Kuno ndachoka kumudzi, kuseri kwa Ludzi, pa kabaza, ndapeza magetsi azima, ndakhala pakhonde mpaka dzuwa kufika pamutu. Pano ndikulankhula nditaima, Kuluthumu akulemba, kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu makutu ali tcheru. Pakhomo pali mkazi wa Dalitso wa amayi aang'ono, akugulitsa mandasi. Ndiye mundimve bwino, sindichulutsa.

Za chiliza tikumana abale onse mu Meyi, fodya akagulitsidwa. Malata tasintha. Magazi akuti ali bwino, manambala ndaiwala.

Nambala folo yanuyo isiyeni.

Kodi tsamba lanulo lakuuzani kumene munthu amalowera akasudzulidwa? Abambo ndi akamwini pano, achimwene. Kwawo ndi ku Phalombe, kumene anachoka ali mnyamata kudzalima fodya pa esiteti. Nyumba ili pamalo a amayi. Dimba ndi la amayi. Ngakhale mango amene anabzala ndi manja awo ali panthaka ya kwa Banda. Amalume si oiwala ayi. Anthu onse pamudzi pano amadziwa kuwerenga miyezi. Zina mudzamva mukabwera, si zolembetsa kwa mwana wa eni ake.

Abambo ali bwinobwino. Dzulo anakangana ndi amalume pa bawo mpaka nkhuku kulowa. Amalume akuti, "Inu Alomwe a kalongonda, manja anuwo ndikuwaona, mwaponya ziwiri dzenje limodzi!" Abambo akuti, "Mlamu, chikwatire mlongo wanu mwakhala mukuwaona manjawa, munawagwirapo liti?" Amalume anataya nkhomo zonse pansi n'kupita, koma lero m'mawa ndasiya atabweranso ndi kampando kawo.

Mubwera liti? Abambo safunsa ndi pakamwa, koma minibasi ikaima kumsewu amasiya khasu n'kuyang'ana.

Ndine,
Felista


Francistown
31 Malichi 2007

Felista,

Ndalandira. Zikomo pa malata. Manambala aja ukawatengenso, amalemba m'kabuku ka kuchipatala.

Pa nkhani ina ija sindikumvetsa. Tsamba lija ndaliwerenganso mofatsa, ndime ndi ndime. Likunena kuti wosudzulidwa ali ndi ufulu wopita kwawo kapena kukhala. Ufulu, Felista. Palibe pamene alemba kuti amathamangitsidwa. Ndafunsanso pa gulu la Amalawi okhala kunja limene timalemberana tsiku ndi tsiku. Dokotala wina wa ku Dedza, amene ali ku Canada, wavomereza kuti ndi momwemo, ndipo wadabwa kuti chaka chadutsa. Wina wa ku Kasungu wati kwawo zoterezi zimachitika ngati abale a mkazi akufuna kupitiriza kudyera mkamwini thukuta. Mawuwo andikhala pamtima.

Ukuti ndibwere. Ukudziwa kuti kontirakiti yanga ikutha mu Ogasiti, ndipo kuno wopempha tchuthi nthawi ngati ino samuwonjezera. Mnzanga wa ku Zambia anapita kukaika mkulu wake, pobwera anapeza mpando wake pali wina. Ndikachotsedwa, sukulu ya ana ako ilipiridwa ndi ndani? Ndiponso ndibwererenji pamene tikutha kulankhulana chonchi? Chimene unganene pakamwa ungathenso kuchilemba.

Ngati vuto ndi chimera ndi mbuzi ya pamwambo, nena, nditumiza. Koma usandiuze kuti ndisiye popanda chifukwa chomveka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Abambo ndi munthu wamkulu, mawa sitilidziwa. Akadzatisiya ali omangika chonchi, tidzati chiyani?

Moni kwa onse.

Timoteyo


Francistown
22 Epulo 2007

Felista,

Moni. Masabata apita uli chete. Kuluthumu akuti makalata anga anasindikiza ndipo unatenga. Ndiye kuti wawerenga, koma wasankha kusayankha.

Dalitso tsopano ali ndi adiresi yakeyake, poti walembedwa ukalaliki kwa ogula fodya pa boma. Wanditumizira chithunzi. Abambo ali m'chigafa cha amalume, atakhala pansi, akusankha fodya. Ndachikulitsa pa kompyuta mpaka nkhope kudzaza galasi lonse. Mafupa a m'khosi akuonekera. Malaya ndi omwe aja ndinawasiyira pamaliro. Amalume pachithunzipo palibe.

Uku ndiye kukhala bwinobwino unkanena kuja?

Dalitso walemba kuti, "Achimwene, inu nokha ndi amene mungalankhule, ife tilibe sukulu." Mawu amenewa ndimayembekezera kwa iwe, mlongo wanga wa bere limodzi. Ndikupatsa mpaka kumapeto kwa mwezi. Ukapanda kuyankha ndilembera amalume ndekha.

Timoteyo


Francistown
6 Meyi 2007

Kwa amalume a Goliati Banda
Makope kwa Felista, Dalitso, Innocent ku Joni, Temwani ku Blantyre, ndi abale onse amene ali ndi adiresi

Amalume,

Ndikupereka moni mwaulemu wonse, kwa inu ndi kwa azakhali. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani.

Ndalemba poyera, abale onse akuona, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve. Ndapempha Dalitso kuti asindikize ndi kukufikitsirani.

Amayi anga, mlongo wanu, anamwalira chaka chatha mu Febuluwale. Mwambo wathu umati wamasiye asudzulidwe chaka chisanathe. Izi si zopeka zanga. Ndaphatikiza masamba ofotokoza mwambowu monga analembera akatswiri, ndipo malo ofunika ndawadula mzere kunsi. Lero chaka chadutsa ndi miyezi pamwamba, abambo anga a Lameki akadali omangika.

Ndayesa kufunsa mwakachetechete kudzera mwa mlongo wanga, koma sindinapatsidwe chifukwa. Pamenepo ndaona ndi maso anga chithunzi cha abambo akugwira ntchito m'chigafa chanu. Sindikufuna kuganiza zoipa za inu, amalume. Koma munthu wakunja poona angati mukusunga nkhalamba ngati wantchito wosalipidwa, chifukwa mukudziwa kuti wosasudzulidwa sangachoke. Abambo anavutika kale pa esiteti. Sanakwatire kwa Banda kuti adzafere mu ukapolo wina.

Ndikupempha zinthu ziwiri zokha. Tsiku la mwambo litchulidwe pamsonkhano wa chiliza mwezi uno. Ndipo mwambowo uchitike mokwanira, osadumpha kanthu, kuti abambo akhale mfulu ndipo amayi agone mu mtendere. Zofunika zonse ndilipira ine.

Ngati ndalakwitsa penapake mundiwongole, koma mundiwongole ndi zifukwa.

Mphwanu,
Timoteyo Lameki


Pa boma, Mchinji
21 Meyi 2007

Achimwene,

Moni. Lero ndilankhula mokweza, amene ali pamzere amve, palibenso chobisa. Kuluthumu, lemba zonse.

Ndinakhala chete chifukwa ndimati mukasowa wokuyankhani mutopa. Ndinaiwala kuti makina anuwo satopa.

Loweruka tinakumana pansi pa mango kukamba za chiliza. Anthu analipo ambiri, ndi a mbali ya agogo aakazi ochokera ku Guilleme omwe. Tisanayambe n'komwe, Dalitso anatulutsa envulopu yaikulu n'kuyamba kugawa mapepala ngati nyimbo za kwaya. Ndi osadziwa kuwerenga omwe analandira. Kenako anaimirira nati, "Akuluakulu, kwabwera mawu ochokera ku Botswana." Anawerenga yonse, mokweza, mawu ena akuwabwereza. Masamba a Chingerezi aja ankawamasulira yekha mmene akufunira.

Atamaliza, amalume anati, "Tabwereza paja pali ukapolo." Anabwereza. Anati, "Tabwerezanso." Anabwerezanso. Kenako amalume anavula chipewa n'kunena kuti, "Abale anga, ine mlamu wangayu ndamusunga ndi kutseka pakamwa. Tonse pano tinatseka pakamwa, ngakhale a mfumu. Timati tikapanda kutchula, adzakalamba pakati pathu ali mwamuna wa Anasi, tidzamuika pafupi ndi mkazi wake. Lero mwana wake watitsegula pakamwa pamaso pa Joni ndi Blantyre."

Za chigafa zija, achimwene, fodya ameneyo ndi wa abambo eni ake. Chigafa chawo chinagwa ndi mphepo, amalume anawabwereka chawo. Wojambulayo amadziwa.

Ine ndinaimirira, ngakhale si malo anga. Ndinati kalatayi si ya Timoteyo, aliyense angathe kulemba pa makina n'kuikapo dzina la mnzake. Ndinanama dala kuti ndikupulumutseni. Dalitso anaseka nati, "Achemwali, adiresi iyi apa. Kapena tipite tonse pa boma tikawafunse?"

Abambo nthawi yonseyi anali atakhala pa mpando wawo wa ndalema. Kenako anatambasula dzanja, Dalitso anawapatsa pepala. Mukudziwa kuti sawerenga, koma dzanja lanu amalidziwa, makalata anu onse a kusukulu amawazindikira asanatsegule. Analitembenuza uku ndi uku nati, "Dzanja la mwana wanga silili pano."

Dalitso anati, "Makina alibe dzanja, abambo aakulu."

"Nanga dzina lake lili pati?"

Anawalozera. Abambo anaika chala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anati, "Mlamu, mwana wanena. Ndi wophunzira, waona kuti ndakhalitsa. Ndisudzuleni."

Amalume anati, "A Lameki, musapupulume, za ana izi."

Abambo anati, "Zanenedwa pagulu. Mukufuna mawa ndizidutsa pachitsime akazi akuti uyo kapolo wa a Goliati? Kapena azinena kuti nkhalamba ija ikukakamira dimba la eni? Tchulani tsiku."

Atchula. Ndi Loweruka lomaliza la Juni.

Pobwerera kunyumba mwamuna wanga anangoti, "Ndaona mawa langa." Nayenso paja ndi mkamwini.

Munalira mvula, achimwene. Matope ake ndi awa.

Felista


Francistown
21 Meyi 2007

Kwa Felista, makope kwa abale onse

Felista, si zimene ndimatanthauza. Werenganinso kalata yanga nonse, palibe pamene ndanena kuti abambo achoke. Ndinati akhale mfulu. Tsamba lija likuti angathe kukhala. Uwauze abambo kuti angathe kukhala, zalembedwa.

Amalume, mawu a ukapolo aja ndawabweza. Dalitso, sindikiza kalata inoyi ukawerengenso pagulu monga unachitira ija. Mwambo uimitsidwe kaye mpaka ndidzabwere kontirakiti ikasainidwa.

Ndaimba lamya kwa mayi wa telefoni pa Ludzi kuti akaitane abambo. Ndinadikira, ndinaimbanso, anandiuza kuti abambo akuti makutu awo samva bwino za pa waya. Kuyambira liti?

Felista, yankha lero lomwe, usanachoke pa boma.

Timoteyo


Kumudzi
8 Julaye 2007

Achimwene,

Iyi ndalemba ndekha ndi bolopeni, ndiponya pa positi. Ikafika mu Ogasiti ifike. Kwa Kuluthumu sindinapiteko chichokere tsiku lija. Ndamva kuti makalata anu aunjikana kumeneko, mtsikanayo akusowa poika. Ina ija yobweza mawu Dalitso sanabwere nayo, akuti inki inatha. Innocent ndi Temwani akuti anakuyankhani kuti pepani. Iwo zawo zatha pomwepo.

Moni. Ife tilipo.

Mwambo unachitika, ndipo sanadumphe kanthu. Mowa unaphikidwa, mbuzi yanu inaphedwa, anthu anadya. Abambo anavala jekete la ukwati wanga. Anawakhazika pamphasa pakati pa bwalo, amalume anaika ndalama yachitsulo m'mbale n'kuwapatsa. Mawu amalume anawanena akuyang'ana pansi. Anati, "A Lameki, munatisungira mlongo wathu mpaka tsiku lake. Tilibe nanu mlandu. Mwamasuka." Kenako anawonjezera zimene sizili pa tsamba lanu. Anati, "Koma nyumba ilipo, mlamu. Khalani. Ndikupempha ine, pamaso pa anthu."

Abambo anati, "Ndikhale ngati ndani? Dzulo ndinali mwamuna wa Anasi. Lero ndine mlendo wa ku Phalombe amene wapatsidwa pogona. Mlendo ndi mame, mlamu."

Ine ndinagwada, ndinalira, ndinati bwerani mukhale kwa ine, ndine mwana wanu. Anati, "Iwe ndiwe wa kwa Banda, mayi. Nyumba yako ili ndi mkamwini wake kale. Atambala awiri obwereka khola limodzi, anthu angaseke." Anthu anasekadi pang'ono, poti ananena moseketsa. Amalume sanaseke. Ananyamuka n'kukalowa m'nyumba, sanatulukenso mpaka anthu kubalalika.

Ananyamuka Lachiwiri. Anatenga mphasa, wailesi, zovala, ndi khasu atagulula mpini. Ndalama za fodya wawo anagawa pakati, theka anandisiyira kuti ndi za chiliza. Popita kumsewu anadzera kumanda okha, ife tinadikira panjira. Ndinawaperekeza mpaka kudepoti ku Lilongwe. Ndimafuna kukafika nawo, anakana. Anati akafike kaye aone amene atsala, adzatumiza mawu. Mpaka lero mawu sanabwere.

Mudzafunsa kuti mudzi wake ndi uti. Sindikudziwa. Ndinawafunsa pa depoti, anati, "Cha ku Nkhulambe, ukafika umangofunsa." Basi inali italiza kale. Moyo wanga wonse ndimangoti kwawo kwa abambo ndi ku Phalombe, ngati Phalombe ndi khomo limodzi. Amayi ndiwo amadziwa. Amalume akuti ankhoswe a abambo anali mnzawo wa pa esiteti, anamwalira kalekale. Inu amene mumapeza zonse, funsani makina anuwo.

Dimba Dalitso wakhomamo kale zikhomo. Akuti adzala tomato wa ku Chipata.

Pa inu abambo sananene choipa chilichonse, musadandaule. Basi isananyamuke anatulutsa mutu pawindo nati, "Umuuze Timoteyo kuti zonse zayenda mwa dongosolo."

Ndakuuzani.

Felista


Francistown, Botswana
16 Sepitembala 2007

Kwa akulu a mpingo, kapena aliyense amene atsegule kalatayi
Dera la Nkhulambe, Phalombe

Wokondedwa bambo kapena mayi,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Simukundidziwa. Dzina langa ndine Timoteyo Lameki, kwathu ndi ku Mchinji koma ndimagwira ntchito kuno ku Botswana. Kalata yonga iyi ndatumizanso ku mipingo ina ndi kusukulu za m'dera lanu, chifukwa sindikudziwa kuti yoyenera ndi iti. Mundikhululukire ngati ndakutayitsani nthawi.

Ndikufuna abambo anga. Anachoka ku Mchinji kumayambiriro kwa Julaye, atasudzulidwa kumudzi kwa malemu amayi anga, ndipo anati akubwerera kwawo cha kwanuko. Chichokereni sitinamve kanthu.

Dzina lawo ndi a Lameki. Dzina la bambo awo ankati Muhiwa, koma sindikutsimikiza kalembedwe kake. Ndi aatali, oonda, imvi mutu wonse, zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri. Chala chaching'ono cha dzanja la kumanzere chinapindika. Amalankhula Chichewa cha ku Mchinji, moti mwina kwanuko akuyesedwa mlendo. Chilomwe sindinawamvepo akulankhula, kupatula akamatukwana mbuzi. Anachoka kumeneko dziko lisanalandire ufulu, pa lole ya olemba anthu a m'maesiteti a fodya. Ndikuganiza kuti anali ndi mlongo wawo, koma dzina lake sindinafunsepo.

Dzina la mudzi sindikulidziwa, la amayi awo sindikulidziwanso. Ndafufuza pa intaneti masabata onsewa. Ndapeza mapu a boma lanu, kutalika kwa phiri la Michesi, chiwerengero cha anthu, ndi nkhani yaitali ya mmene Alomwe analowera m'dziko muno. Mudzi wa abambo anga mulibe. Pa gulu la Amalawi okhala kunja ndafunsa, andiyankha anthu ambiri, onse ondifunira mafuno abwino.

Ngati munthu wotere wafika m'mudzi wina wa akhristu anu, chonde mulengeze pa mapemphero. Mukawapeza musawawerengere kalatayi pagulu. Muwatengere pambali, muwapatse aigwire okha, kenako muwauze kuti mwana wawo akufunsa ngati apeza pogona ndiponso ngati alipo wina amene wawazindikira. Muwauze kuti ndikangodziwa kumene ali ndinyamuka, kaya kuntchito andilola kaya sandilola. Ndikanabwera kale, koma sindikudziwa kuti ndikatsika basi ndilowere kuti.

Ndaikamo envulopu yolembedwa kale adiresi yanga. Ngakhale simunawaone, ndiyankheni ndithu kuti simunawaone, kuti ndidziwe koyang'ana kwina.

Mvula ili pafupi, ndipo sindikudziwa ngati alipo amene wawapatsa pobzala. Chonde yankho lanu lisachedwe.

Ine,
Timoteyo Lameki